Mtembo Ngati Mboni: Kuunika Buku la Ariana Franklin

M'buku la J.W. Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe, mbalame ndiyo imaulula munthu amene adapha mbale wake. M'nthano yaitali ya Chingerezi yotchedwa Mistress of the Art of Death, imene Ariana Franklin adatulutsa mu 2007, mulibe mbalame yotere. Woulula chinsinsi ndi mtembo weniweniwo, ndipo womva chinenero chake ndi dokotala wamkazi.

Nkhaniyi ikuchitika mu 1171 mumzinda wa Cambridge ku Mangalande. Ana anayi aphedwa mwankhanza. Anthu akuloza chala Ayuda, amene athawira mulinga la mfumu. Poona kuti msonkho wa Ayudawo waima, Mfumu Henry II ipempha thandizo kwa mfumu ya ku Sicily. Mwa otumidwawo muli Adelia Aguilar, amene adaphunzira udokotala ku Salerno. Poopa kutchedwa mfiti, iye anamizira kuti dokotala ndi Mansur, Mwarabu womuteteza, ndipo mwiniwakeyo ndi womasulira chabe.

Mphamvu ya bukuli yagona pa kulimbana kwa mphekesera ndi umboni. Khamu lagamula kale mlandu lisanaone kanthu. Adelia sagamula msanga. Amaunika mabala, ndipo choko chimene wachipeza pa mitembo chimamulondolera ku phiri kumene anawo adafera. Apa mlembi akupherezera mwambi uja wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Komabe bukuli lili ndi chilema. Nzoona kuti ku Salerno kudali akazi odziwa zamankhwala, monga Trota. Koma kumeneko ankaphunzira ziwalo za thupi potumbula nkhumba, ndipo kupima mtembo pofuna umboni wa mlandu kudalembedwa mumzinda wa Bologna mu 1302, patapita zaka zoposa 100. Tsono Adelia amaganiza ndi kuyankhula ngati dokotala wa masiku ano amene wangovala zovala zamakedzana. Nachonso chibwenzi chake ndi Rowley Picot, wokhometsa msonkho, chimaziziritsa nkhani pamene yafika pa mponda chimera.

Chilemachi sichichotsa phindu la bukuli kwa Mmalawi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu m'maboma a Mulanje ndi Phalombe popanda umboni uliwonse. M'midzi yambiri imfa yadzidzidzi siichedwa kupezeredwa mwini, ndipo kawirikawiri chala chimagwera nkhalamba kapena munthu wobwera. Ayuda a m'nthanoyi ndi anthu omwewa.

Choncho wophunzira asawerenge bukuli ngati mbiri yeniyeni ya zachipatala. Aliwerenge pofuna kuona kuti munthu wosalakwa amapulumuka pokhapokha wina atalimba mtima kufunsa chimene chapha malemu, khamu lisanafunse amene wawapha.