Kodi Cha Onse Nchopanda Mwini? Kupenda Buku la Elinor Ostrom

Aristotle, potsutsa mphunzitsi wake Plato, anaona kuti chinthu cha anthu ambiri sichisamalidwa kwenikweni, pakuti munthu aliyense mtima wake uli pa chake. M'chaka cha 1968 Garrett Hardin anakuza ganizo lomweli ndi fanizo la dambo la msipu, kumene mbusa aliyense amaonjezera ng'ombe zake mpaka udzu wonse utatha. Kwa iye mankhwala anali aŵiri okha: kuligaŵa dambolo kuti likhale ndi eni, kapena kulipereka m'manja mwa Boma.

Buku la Mai Elinor Ostrom, *Governing the Commons*, limene linatuluka mu 1990, ubwino wake ngwakuti likusiya mafanizo nkupita kwa anthu enieni. Ku Törbel, m'mapiri a ku Switzerland, lamulo la 1517 linaletsa munthu kutumiza ku msipu ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'nyengo yachisanu. Ku Alanya, m'dziko la Turkey, asodzi anagwirizana zochita maere pogaŵana malo oponyapo maukonde, namasinthana tsiku ndi tsiku. Malamulo otere anagwira ntchito chifukwa oŵasunga ndiwo anaŵapanga. Apa maiyu, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anamgonjetsadi Hardin.

Komabe pali mfundo imene bukuli silinaizamitse. Likunena kuti okhudzidwa ndi malamulo azikhala nao poŵakonza, koma silifunsitsa ngati onse okhala pabwalo ali ndi mau olemera mofanana. Tiyeni tione za kwathu kuno. Chambo chitachepa m'nyanja ya Malombe, Boma linayamba mu 1993 kukhazikitsa makomiti a m'madooko, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu azitengapo mbali. Pamsonkhano pankakhala alangizi, mafumu ndi eni makoka. Nanga mnyamata wokoka nkacha, amene amadya pokhapokha nsomba zikagwidwa? Nyanja ikatsekedwa, njala imayambira m'nyumba mwake, komatu sangatsutse poyera bwana amene adzamlembe ntchito maŵa. Kumuitana ku msonkhano nkwapafupi. Kumasula lilime lake ndi nkhani ina.

Ena amaloza ku chilumba cha Mbenje ku Salima, kumene mfumu imatseka usodzi m'nyengo ya dzinja ndipo asodzi amamvera. Nzoonadi, dongosololi lapirira zaka zambiri, ndipo Ostrom akadaliŵerengera pa umboni wake. Koma mwambo womwewo suloleza akazi kuponda pachilumbapo, ngakhale kuti kumadooko a Nyanja ya Malaŵi ambiri mwa oyanika ndi ogulitsa usipa ndi amai. Tsono tikamati “anthu a m'deralo agwirizana,” tiyenera kuyamba taŵerenga amene anatsala kumtunda pamene ngalawa zinkanyamuka.