Bango, Mtovu ndi Ndakatulo Zathu

Pali chizolowezi china chimene chamera mizu m'ndakatulo zimene timawerengerana muno. Mlakatuli akafuna kunena za kwathu amathyola bango la m'mbali mwa nyanja ku Nkopola nkuliyimbitsa mofatsa. Akafuna kunena za atsamunda amaloza limba la m'tchalitchi, nkunena kuti mawu ake ngozizira chifukwa mipope yake njachitsulo. Chithunzichi nchokoma m'khutu koma nchabodza, ndipo amene akuberedwa ulemu ndi mmisiri.

Mu mpope chimene chimalira ndi mpweya uli m'katimo. Kutalika kwa mpope ndiko kumasankha liwu: mukautseka kumapeto, liwu limatsika kuchoka pa do wapamwamba kufika pafupi ndi do wapansi. Kukula kwa mimba yake ndi kadulidwe ka pakamwa ndizo zimachititsa kuti mawu akhale ofewa kapena obaya. Opanga malimba ku Ulaya amakonda kusakaniza tini ndi mtovu chifukwa chitsulo chotere nchofewa, mpeni umachisema mosavuta pakamwa paja. Ndiponso (izi alakatuli athu sazitchula) mipope yambiri ya mawu a besi njamatabwa. Mu 1971 John Coltman anayesa zitoliro za siliva, za mkuwa ndi za mtengo. Omvera, ena mwa iwo oyimba ozolowera, analephera kuzisiyanitsa.

Chaka chomwecho Andrew Tracey analemba za gule wa nyanga wa Anyungwe a ku Tete. Kumeneko wovina aliyense amagwira tizitoliro tochepa, nkumaluka mawu ake pakati pa a anzake, kwinaku akuyimba ndi pakhosi. Kodi ulemu tiupereke kwa chomera, kapena kwa amene anayeza nkudula chitoliro chilichonse kuti chigwirizane ndi zinzake?

Sindikunena kuti chopangira chilibe ntchito. Pamene chinthucho chimanjenjemera chokha, nkhani imasintha. Lipenga la chikho la ovina malipenga ku Nkhata Bay limalira chifukwa cha kanembanemba ka kangaude komata pabowo, ndipo zikho za pansi pa valimba ku Nsanje nchimodzimodzi. Apo mukasintha kanembanembako khutu limadziwa msanga. Mlakatuli wofuna kulira maliro a zakale ali ndi poyambira penipeni pamenepa, pa kapepala ka pulasitiki kamene ambiri akumata m'malo mwa ka kangaude. Sindinawerengepo ndakatulo yotere muno.