Nyuzipepala Ikatsekedwa, Apindula Ndani?

Acinyamata anzanga, m'caka ca 2001 nyuzipepala ya The Post inalemba poyera kuti Pulezidenti Frederick Chiluba ndi mbala. Mkonzi wake, a Fred M'membe, anaimbidwa mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko. Koma mu 2002 Nyumba ya Malamulo inawacotsera a Chiluba citetezo cao, ndipo mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti iwo ndi anzao anabera boma madola 46 miliyoni, ngakhale kuti khoti la ku Lusaka linawamasula mu 2009. Kodi atolankhani akanaopa ndende, inu mukanazimva zimenezi? Mu 2016 bungwe la ZRA linatseka The Post pa nkhani ya misonkho. Tsono mukamva kuti nyuzipepala yatsekedwa, musangomvera cifukwa cimene boma lapereka. Funsani kuti apindula ndani.