Kuseri kwa Mulu: Ndemanga pa Zithunzi za Zinthu Zothithikana

Pali mtundu wina wa zithunzi umene sulephera kukopa maso. Ndikunena zithunzi za zinthu zambirimbiri zothithikana pamodzi: mbalame zodzaza mlengalenga, maluwa oyalana m'munda, usipa woyanikidwa pa thandala, tomato wounjikidwa pamsika. Timaziona pa makalendala, m'magazini okopa alendo ndiponso m'mafoni mwathu. Wojambula amayandikira mpaka chithunzi chonse chitadzaza, osasiya ngakhale kampata koonera nthaka kapena mtambo, ndipo woona amangoti, "Koma ndiye zilipo!" Mawu amenewa ndi amene ndikufuna kuwaunika m'nkhani ino. Maganizo anga ndi akuti chithunzi cha mulu chimene chabisa pothera muluwo chimatha kusocheretsa munthu, ngakhale zonse zooneka m'menemo zili zenizeni.

Poyamba tione mmene lusoli limagwirira ntchito. Diso likaona zinthu zofanana zitadzaza mbali zonse, maganizo amapitiriza okha kuti kunja kwa chithunzicho kulinso zomwezo. Mbuzi 20 zikajambulidwa mwakuti zam'mphepete zikuoneka mitu kapena michira yokha, woona amaganiza za khola la mbuzi mazanamazana. Ojambula amadziwanso kuti munthu akaima kutali n'kugwiritsa ntchito lenzi yokokera zinthu pafupi, mtunda wa pakati pa chinthu cham'tsogolo ndi cham'mbuyo umaoneka waufupi. Mitengo yotalikirana imaoneka ngati yagundana. Choncho kuthithikana kumene timakusirira nthawi zina kumachokera pa malo amene wojambula anasankha kuima.

Chithunzi chimene ndimachiyesa muyeso wa zithunzi zonse za mulu chinajambulidwa mu 1892 pa fakitale ya Michigan Carbon Works ku Rougeville, pafupi ndi mzinda wa Detroit ku America. Chikuonetsa phiri la zigaza za njati za kumeneko zotchedwa bison. Zigazazo zinkadikira kugayidwa kuti apangire feteleza, guluu ndi makala oyeretsera shuga. Pamwamba pa phirilo paima mwamuna mmodzi, ndipo wina ali pansi patsogolo pake. Akatswiri amati chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 njatizi zinalipo zosachepera 30 miliyoni, koma pamene William Hornaday ankasindikiza kafukufuku wake mu 1889, zotsala zinali pafupifupi 1,000 zokha. Mitundu ya anthu eni nthaka amene ankadalira nyamayi pa chakudya, zovala ndi pogona inasiyidwa pa njala.

Mphamvu ya chithunzichi ili pa zinthu ziwiri zooneka zazing'ono. Choyamba, wojambula anabwerera m'mbuyo mokwanira, motero nsonga ya mulu ikuoneka, thambo likuoneka, nthaka ikuonekanso. Chachiwiri, amuna awiri aja akutipatsa muyeso: timayerekeza msinkhu wa munthu ndi kutalika kwa mulu, mtima n'kugunda. Amunawo anaima monyadira, ngati mlimi pafupi ndi nkhokwe yodzaza, ndipo n'kutheka kuti cholinga chinali kuonetsa kukula kwa malonda. Koma popeza palibe chimene chinabisidwa, chithunzicho lero chasanduka mboni yowatsutsa. Wojambula akanayandikira n'kudzaza chithunzi ndi zigaza zokhazokha, tikanangoona mizere yoyera ndi mabowo akuda, zokongola ngati maluwa a pa chitenje, ndipo sitikanafunsa kuti wapha ndani.

Tsopano tiyerekeze ndi ntchito ya Andreas Gursky, wojambula wa ku Germany wobadwa mu 1955. Mu 1999 anatulutsa chithunzi chotchedwa 99 Cent, chojambulidwa m'sitolo ya zinthu zotchipa ku Los Angeles. Mashelefu a masiwiti, mabisiketi ndi zakumwa andandalikana mpaka kumapeto kwa maso, ndipo ogula akungooneka timitu tomira m'katundu. Gursky sabisa kuti amakonza zithunzi zake pa kompyuta. Chinzake cha chithunzichi, 99 Cent II Diptychon cha mu 2001, chinagulidwa pa mtengo woposa madola 3 miliyoni ku Sotheby's mumzinda wa London mu 2007.

Ambiri amati Gursky akudzudzula dyera la anthu a masiku ano. Ine ndimavomera luso lake, koma kudzudzulako sindikuona bwino. Mitundu ya mapaketi yasanjidwa mokoma kwambiri mwakuti munthu amasirira m'malo modandaula. Khomo lotulukira silikukopa diso, wogulitsa sakudziwika, ndipo palibe chokumbutsa kuti katunduyu anapangidwa ndi manja a anthu ndipo adzathera kudzala. Chithunzicho chikulonjeza kuti mashelefu adzakhala odzaza mpaka kalekale. Komatu mu 2024 kampani ya 99 Cents Only inatseka masitolo ake onse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gursky anajambula chikomekomecho mwaukatswiri wosaneneka, koma mkuyuwo sanaung'ambe.

Wina anganene kuti za masitolo a ku America sizikutikhudza. Tiyeni tsono tibwere kufupi, ku nkhalango ya Kasanka m'dziko la Zambia. Chaka chilichonse, kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, kumasonkhana mileme yodya zipatso imene ena amati imafika 10 miliyoni. Ojambula ochokera m'mayiko osiyanasiyana amapitako, ndipo zithunzi zambiri zimene ndaziona n'zofanana: thambo lofiira la madzulo lodzaza ndi mapiko akuda. N'zochititsa kaso, sindikana. Koma chodabwitsa chenicheni cha Kasanka n'chakuti khamu lonselo limagona m'kankhalango kakang'ono ka m'dambo, ka mahekitala ochepa chabe, kamene eni dera amakatcha mushitu. Moto wolusa ukalowa m'menemo, kapena mitengo ya zipatso ya m'madera ozungulira ikatha chifukwa chotsegula minda ndi kuotcha makala, gulu lonselo likhoza kusowa kolowera. Chithunzi cha thambo lodzaza chimauza woona kuti mileme ndi yosatha. Chithunzi chojambulidwa patali, choonetsa kankhalangoko ndi pothera pake, chimamuuza kuti moyo wa mamiliyoniwo wapachikika pa kamalo kamodzi. Zithunzi zamtundu wachiwiriwu n'zosowa, mwina chifukwa sizigulika msanga.

Kwathu kuno chitsanzo chili ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, kumene kunadzalidwa mitengo ya paini pa mahekitala oposa 50,000 ndi cholinga choti idzagwiritsidwe ntchito pa fakitale ya zopangira mapepala, imene sinamangidwe. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kupita ku Mzuzu amadziwa kuti macheka ndi moto zinawononga gawo lalikulu la nkhalangoyi. Komabe munthu wa kamera akhoza kupeza chigawo chimodzi chimene mitengo ikadali chilili, n'kudzaza chithunzi ndi makungwa ndi masamba obiriwira, pamene kumbuyo kwake kuli zitsa zokhazokha. Mitengo imene wajambulayo ndi yeniyeni, koma mwana wa sukulu woona chithunzicho ku Nsanje adzakhulupirira kuti Chikangawa ili monga inalili kale. N'chimodzimodzi ndi chithunzi cha chambo chodzaza m'bwato, pamene asodzi a ku Mangochi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti nsombayi inachepa.

Ndikudziwa kuti ojambula ali ndi yankho. Adzati chithunzi si lipoti la ku ofesi, ndipo kukongola kuli ndi ufulu wake. Adzatinso zithunzi zokongola za Kasanka ndi zimene zimabweretsa alendo, ndipo ndalama za alendowo zimathandiza kuteteza nkhalango. Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo sindikufuna kuti wojambula aliyense asanduke mlaliki wa zachilengedwe. Munthu akajambula nyemba zosiyana mitundu m'lichero chifukwa chongokonda maonekedwe ake, palibe amene walakwiridwa. Vuto limabwera pamene chinthu chojambulidwacho chili pangozi, ndipo chithunzicho chikupita kwa anthu amene sadzafikako kukaona okha. Pamenepo wojambula ndiye maso awo, ndipo kudzaza chithunzi dala kumafanana ndi umboni wa mboni imene yauza bwalo theka la zimene inaona.

Palinso chinthu china chimene zithunzi zambiri za mulu zimataya, ndicho chimodzi cha m'gulumo. Pa khamu la mileme pali mleme umodzi wong'ambika phiko. Pa mulu wa tomato pali mmodzi wophwanyika, ndipo kuseri kwa muluwo kuli mayi amene wautchinjiriza ku dzuwa kuyambira m'mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula wodekha amadikira mpaka atapeza chimodzi choti diso la woona lipumirepo, ndipo kuchokera pa icho timayamba kumva kulemera kwa zinazo. Pa chithunzi cha mu 1892 chija, mwamuna wa pamwamba waika chigaza chimodzi patsogolo pake, ndipo nyanga zake zimatikumbutsa kuti phiri lonselo linali nyama zoyenda, zopuma ndi zoyamwitsa.

Pomaliza, ndikupempha anzanga okonda zaluso kuti tikapatsidwa chithunzi cha zinthu zothithikana tisamafulumire kuomba m'manja. Tizifunsa kuti muluwu ukuthera pati, tikuuyeza ndi chiyani, ndipo kumbuyo kwa wojambula kunali chiyani. Ifenso alembi tili ndi chizolowezi chomwechi tikamalemba za "anthu akumudzi" kapena "achinyamata a masiku ano" ngati mulu umodzi wopanda nkhope. Ojambula athu, amene tsopano ndi aliyense wokhala ndi foni, ayesere kujambula kawiri: kamodzi pafupi kuti tisangalale ndi kukongola, kenaka abwerere m'mbuyo mapazi angapo kuti tione nthaka imene muluwo wakhalapo. Zidzukulu zathu zikadzafuna kudziwa ngati chambo, paini ndi mileme zinalipodi zochuluka m'masiku athu, zidzadalira chithunzi chachiwiricho.