Maso a Padenga

Pa mpikisano wa NASCAR ku America, anthu onse amayang'ana pansi, pomwe magalimoto akulilima mothithikana. Ine mtima wanga umapita pamwamba, padenga la malo okhala oonerera, pomwe anthu ena aima pamzere, dzuwa likuwawamba, makina oonera patali ali kumaso, chala chili pabatani la wailesi. Amawatcha ma spotter.

Tim Fedewa wa ku Michigan ndi mmodzi mwa iwo. Poyamba ankagwira yekha chiwongolero, ndipo anapambana kanayi mu mpikisano wa NASCAR wa Busch Series. Kenako anakwera padenga, nakhala maso a dalaivala Kevin Harvick, amene anatenga ukatswiri mu 2014.

Dalaivala amakhala womangika: chisoti, malamba, chogwirira khosi, moti sangacheuke n'komwe. Ku bwalo la mpikisano la Talladega, pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa ola, mnzake amamuyandikira mpaka kukhudzana iye asakumuona bwino. Chomwe amadalira ndi liwu la spotter m'khutu: ali kumanja, akadalipo, tsopano mpata ulipo. Mawu ake ndi ochepa, odekha, ngakhale utsi wa ngozi uli tolotolo kutsogolo. Fedewa anakhalapo m'galimoto yotentha ija, thukuta likulowa m'maso, choncho amadziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yotseka pakamwa kuti dalaivala aganize. Luso lachiwirili ndi limene ndimalisirira kwambiri.

Popanda liwu limeneli, ndani angalimbe mtima kulowa pakati pa magalimoto awiri? Aliyense bwenzi akuyenda mwamantha, ndipo galimoto imodzi ikazungulira pakhota, onse a m'mbuyo bwenzi akulowa mu utsi osadziwa kothawira.