Ndime Imene Siyang'ana Ndege

M'malamulo a za ndege a ku United States muli kandime kosafika mizere itatu kamene kamagwira ndege zonse zonyamula anthu odumpha ndi parachuti m'dzikomo. Kali mu Gawo 119, ndime yoyamba, kachigawo (e)(6). Gawo 119 ndi lomwe limati wonyamula anthu pandege mowalipiritsa akhale ndi chiphaso cha bungwe la boma loona za ndege, FAA, ndipo atsate malamulo okhwima a Gawo 121 kapena Gawo 135. Likatero limandandalika ntchito zimene lazimasula ku goli limeneli. Yachisanu ndi chimodzi pamndandandawo, poifotokoza m'mawu athu, ndi ulendo wosatera panjira, wosapitirira mamailosi 25 kuchokera pabwalo limene ndege yanyamukira, wonyamula anthu kapena zinthu ndi cholinga chodumpha dala ndi parachuti. Yathera pomwepo. Ulendo wotere umayendera Gawo 91, malamulo omwewo amene amatsata munthu wouluka ndi kandege kake Loweruka masana.

Kandimeka kamayeza mtunda, makilomita pafupifupi 40. Kamafunsanso ngati ndege yatera kwina, ndiponso chimene anthu akwerera. Za ndege yeniyeniyo kangoti zii: injini zingati, ya chaka chiti, chitseko chili pati, anthu angati.

Kuti muone kuti kukhala chete kumeneku n'kwachilendo, yang'anani nambala 2 pamndandanda womwewo, ya maulendo oonetsa alendo malo ali m'mwamba. Nawonso apatsidwa mamailosi 25, koma awaunjikira zina: ndege isapitirire mipando 30, katundu asapose mapaundi 7,500, ulendo uyambire ndi kuthera pabwalo limodzi, ndipo mwini ntchito akhale ndi kalata ya chilolezo yochokera ku FAA. Odumpha sanawaikire chilichonse mwa izi. Malire okha amene amawakhudza ali pamutu pa mndandanda wonse, pomwe patchulidwa ndege za mipando 20 kapena kuposa, kapena zonyamula mapaundi 6,000. Komatu malire amenewa amawerenga mipando, pamene m'ndege yodumphira mipando ndiyo imayamba kuchotsedwa. Ndime ina, 91.107, imalola wodumpha kukhala pansi m'ndege, bola amange lamba. N'chifukwa chake ndege ngati Twin Otter imanyamula anthu oposa 20 osatuluka mu Gawo 91.

Ndege zimene kandimeka kaziika m'thumba limodzi n'zosiyana kwambiri. Yodziwika m'mabwalo ang'onoang'ono ndi Cessna 182, imene inayamba kupangidwa mu 1956. Ili ndi injini imodzi ya mapisitoni, ndipo imanyamula odumpha anayi. Mumatsala mpando wa woyendetsa wokha. Anayiwo amakhala pansi mopanikizana, mawondo m'chifuwa, wina atatsamira msana pafupi ndi zoongolera. Chitseko anachikonza kuti chizitsekukira m'mwamba, pansi pa phiko. Nthawi ikakwana munthu amatulutsa mwendo, kuponda pachitsulo chimene chili pamwamba pa tayala, kugwira mtanda wochirikiza phiko, mphepo ikumukankha, kenako n'kutaya manja. Kufika mafiti 10,000, omwe ndi mamita pafupifupi 3,000, kumadya mphindi 20 kapena 30. Ubwino wake ngwakuti anthu anayi akangopezeka, ndege yadzaza.

Kumapeto ena kuli DHC-6 Twin Otter ya ku Canada, imene inauluka koyamba mu 1965: mapiko ali pamwamba, injini ziwiri za turboprop, chitseko chachikulu cham'mbali chimene anthu angapo amatulukira limodzi. Imafika mafiti 13,000 pa mphindi pafupifupi 15, ndipo wodumpha pamenepo amagwa kwa mphindi yathunthu asanatsekule parachuti. Shorts Skyvan ya ku Belfast, yooneka ngati bokosi, ili ndi khomo kumbuyo, moti anthu amangoyenda n'kugwera kunja. Cessna 208 Caravan ili ndi injini imodzi ya turboprop, choncho mafuta ndi kukonza n'zotsikirapo, ndipo mabwalo ambiri apakati amaikonda. Ya ku New Zealand, PAC 750, ndi imodzi mwa zochepa zimene poipanga ankaganizira odumpha kuyambira pachiyambi, ndipo imanyamula 17. Zina zonsezi anazipangira ntchito ina, kudumpha kunazipeza pambuyo.

Palibe imene mfundo imeneyi imaonekera bwino kuposa Beechcraft King Air 90. Anaipangira abwana a makampani, kuti aziyenda mwachangu atakhala m'mipando yawofuwofu. Eni mabwalo odumphira amaikonda chifukwa yakale imagulika ndipo imakwera msanga. Koma chitseko chake n'chaching'ono, chili kumbuyo kwa phiko, ndipo timapiko takumchira tili m'munsi, m'njira ya munthu wotuluka. Woyendetsa akapanda kuiika bwino, wodumpha akhoza kumenya mchira.

Apa ndi pomwe mawu oti “ulendo wosatera panjira” amabisa zambiri. Akuchititsa ulendowu kumveka wopepuka, wongozungulira pakhomo. Kunena zoona ndi ulendo wokhawo wolipiritsa umene katundu yense amadzuka n'kusuntha ndege ili m'mwamba, panthawi imene ikuuluka pang'onopang'ono kwambiri. Pofika podumphira woyendetsa amachepetsa liwiro kuti mphepo isawakanthe anthu pakhomo. Nthawi yomweyo anthu amakhamukira kuchitseko, kumbuyo, ena n'kutuluka kukalendewera panja podikira anzawo. Kulemera kumathawira kumchira, mphuno imafuna kudzuka, ndipo liwiro likatsika pang'ono pokha mapiko amasiya kunyamula ndege. Amene anakwerapo bwato panyanja amadziwa chimene chimachitika anthu onse akathamangira mbali imodzi. Mu Cessna 182 vutoli n'laling'ono, poti chitseko chili pambali pa woyendetsa, pansi pa phiko, ndipo anthu ndi anayi okha. Mu King Air kapena Skyvan ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Kandime kaja sikadziwa kusiyana kumeneku, ndipo sikafuna kuti woyendetsa aphunzitsidwe za iko asanayambe ntchito.

Injini nazo zimaona zakuda. Ndege yodumphira imakwera ndi mphamvu zonse, kutula anthu, kutsika mothamanga, kutera, kukweza ena, kangapo pa tsiku. Injini ya mapisitoni imatentha pokwera n'kuzizira mwadzidzidzi potsika, ndipo woyendetsa wosasamala amang'alula masilinda. Ya turboprop imapirira bwino, koma nayo imakalamba ndi kuchuluka kwa maulendo, osati maola okha. Opanga injini amanena nthawi imene iyenera kumasulidwa yonse n'kukonzedwanso. Pansi pa Gawo 91 nthawi imeneyi ndi langizo chabe, mwini ndege akhoza kuipitirira osalakwira lamulo.

Tisanamizire malamulowa kuti ndi akhungu paliponse. Ndime 91.409 imafuna kuti ndege yonyamula anthu mowalipiritsa iyenderedwe ndi makaniko pa maola 100 aliwonse, ndipo za injini ziwiri za turboprop zili ndi dongosolo lawo loziyendera. Ndime 91.211 imati woyendetsa apume okosijeni akakhala kupitirira mphindi 30 pamwamba pa mafiti 12,500, nthawi yonse akapyola 14,000, ndipo kupitirira 15,000 aliyense m'ndege apatsidwe wake. Ndicho chifukwa china chimene ndege zamphamvu, zokhoza kukwera kwambiri, zimatulira anthu cha pa 13,000 kapena 14,000. Koma mukaika pambali pa Gawo 135 kusiyana kumaoneka poyera. Kumeneko woyendetsa wamkulu amafunika maola osachepera 500, maphunziro ovomerezedwa ndi FAA, ndi kuyesedwa chaka ndi chaka. Kuno chiphaso choyendetsera ndege mwamalonda, chimene munthu amapeza ndi maola 250, n'chokwanira. Achinyamata ambiri amayambira ntchito pomwepa, kusonkhanitsa maola oti akalowere ku makampani akuluakulu.

Chodabwitsa n'chakuti Gawo 105, lokamba za kudumpha kwenikweniko, ndi losamalitsa zedi. Parachuti yachiwiri, yodalira yoyamba ikakana, iyenera kukhala itapindidwa ndi katswiri wa chiphaso m'masiku 180 apitawo. Mphunzitsi wodumpha atamangirira mlendo pachifuwa ayenera kukhala ndi zaka zitatu pamasewerawa ndiponso atadumphapo ka 500. Lamulo lawerengetsera chikwama chakumsana mpaka tsiku, koma ndege yokweza chikwamacho laisiya pa muyezo wa kandege ka munthu payekha.

Ngozi zitatu zikuonetsa mtengo wake. Pa 22 April 1992, ku Perris Valley m'boma la California, Twin Otter inagwa itangonyamuka, anthu 16 mwa 22 n'kufa. Mafuta anali oipitsidwa, injini imodzi inazima, ndipo woyendetsa anasokoneza injini yabwino ndi yakufayo. Pa 29 July 2006, ku Sullivan m'boma la Missouri, Twin Otter ina inataya mphamvu ya injini yakumanja ponyamuka, ndipo anafa 6 mwa 8. Injini zake zinali zitapitirira nthawi imene opanga analangiza. Anthu poyerekeza ndege amakonda kunena kuti injini ziwiri n'zodalirika kuposa imodzi, ndipo n'zoona ngati woyendetsa anaphunzira bwino chochita imodzi ikazima pafupi ndi nthaka. Apo ayi, yotsalayo imapotoza ndege n'kuigwetsa chammbali. Itachitika ya ku Sullivan, bungwe lofufuza ngozi la NTSB linatulutsa lipoti lapadera mu 2008, limene linawerenga ngozi 32 za ndege zodumphira kuyambira 1980, zimene zinapha anthu 172. Linapeza kuti mavuto ake ndi obwerezabwereza: ndege zosakonzedwa bwino, oyendetsa olephera zinthu zoyambirira monga kuwerengera kulemera ndi kusunga liwiro, ndiponso FAA yosayendera mokwanira.

Yachitatu ndi ya King Air. Pa 23 July 2016, pafupi ndi Byron ku California, King Air 65-A90 inasiya kuuluka ili pamwamba, kulemera kutapendekera kumbuyo, n'kuyamba kugwa mozungulira. Odumpha onse anatuluka. Kaphiko kakumchira kakumanja kanathothoka, koma woyendetsa anakwanitsa kutera. Ndegeyo inakonzedwa n'kupita ku Hawaii. Pa 21 June 2019 inanyamuka pabwalo la Dillingham, ku Mokuleia pachilumba cha Oahu, inapendeka, n'kugwera pafupi ndi msewu wa ndege. Onse 11 anafa. NTSB inati woyendetsa ananyamuka mwaukali mpaka mapiko anasiya kunyamula ndege ili pafupi ndi nthaka. Inawonjezanso kuti kulemera kunali pafupi ndi malire akumbuyo, woyendetsayo sanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo phiko lakumanzere linali lopotoka osakonzedwa. Pa zifukwazo inatchulanso kuperewera kwa malamulo a FAA oyang'anira ntchitoyi. Ndege yokhala ndi mbiri yotere inapitiriza kunyamula anthu olipira popanda chiphaso chilichonse cha Gawo 119, monga kandime kaja kalolera.

Mbali inayo ili ndi mfundo zake. Bwalo la Cessna 182 imodzi, woyendetsa mmodzi ndi makaniko waganyu silingakwanitse mapepala ndi ndalama za Gawo 135, ndipo kulikakamiza n'kulitseka. Bungwe la odumpha, USPA, lili ndi malamulo ake amene mabwalo olowa m'bungwemo amalonjeza kutsata, ngakhale kulowako n'kodzifunira. Ine ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi yolimba pa Cessna 182, koma ikafika pa ndege ya injini ziwiri yokweza anthu 20 kangapo pa tsiku imafooka. Cholakwa cha kandimeka si kumasula ntchitoyi ku Gawo 135, koma kumasula zonse mofanana.

Katsala kachidutswa kamodzi: “anthu kapena zinthu”. Kandimeka sikafunsa kuti anthuwo ndi ndani. Kakuoneka kuti kakuganizira anthu a m'kalabu, odziwana, odziwa ndege yawo, amene avomereza okha zoopsa za masewera awo. Koma kudumpha awiriawiri kutayamba m'zaka za m'ma 1980, n'kulowa m'Gawo 105 mu 2001, m'ndegemo munadzaza anthu ena: mlendo wobwera kamodzi pa moyo wake, amene sangasiyanitse King Air ndi Caravan, ndipo sangafunse kuti injini inamasulidwa liti. Mwa 11 a ku Mokuleia, atatu anali otere, atatu aphunzitsi awo, awiri ojambula, awiri odumpha paokha, ndi woyendetsa. NTSB inanena kale mu 2008 kuti wodumpha akhoza kuvomereza zoopsa za kudumpha, koma zimenezo siziphatikiza ngozi za ndege zopeweka. Mu 2021 inapempha kuti FAA ikhazikitse muyezo wa dziko lonse wa maphunziro ndi kakonzedwe ka ndege pa ntchito zonse zonyamula anthu olipira pansi pa Gawo 91, kuphatikizapo kudumpha ndi parachuti.