Za Mau Awa, Agaru ndi Tiagaru

Aphunzitsi ndi alaliki ambiri amazengereza pofika pa Mateyu 15:21-28 ndi Marko 7:24-30, pamene Ambuye alankhula ndi mkazi wacilendo amene mwana wace anagwidwa ndi ciwanda. Cowabvuta ndi liu limodzi, ndilo tiagaru. Pakuti m'midzi mwathu munthu akanena mnzace garu, mlandu ufika kwa mfumu. Tsono akumva afunsa mumtima, Kodi Mpulumutsi atukwana? Cifukwa cace tifuna kuyesa liu limeneli, tione ngati omasulira Buku Lopatulika la 1922, amene mtsogoleri wao anali W. H. Murray, analisankha bwino.

Poyamba tione cinenero. M'Cigriki liu la garu ndi kuon, koma pa malo awiri awa palembedwa kunarion, ndiko kunena garu wamng'ono. Omasulira anasunga kusiyana kumeneku: pa Mateyu 7:6 anaika agaru, koma pano tiagaru. Apa tiwayamika, pakuti Cinyanja ciri nayo njira yaceyace yocepetsera zinthu, ndiyo ka- ndi ti-: kamwana, tiana, kagaru, tiagaru. Koma ka- ndi ti- atumikira kuwiri. Mai akati kamwana kanga, ali kukonda. Munthu akati kamunthu aka, ali kunyoza. Wowerenga pamaso pa anthu ndiye asankha ndi kamvekedwe ka mau ace, ndipo ambiri asankha kunyoza, popeza garu amene amdziwa ndi wa pabwalo.

Garu wa kwathu ndi wanchito. Apita ku uzimba, aingitsa anyani ndi nguluwe kumunda, nauwa usiku fisi akayandikira khola. Malipiro ace ndiwo mkute, makoko a mumphika ndi mafupa. Agona paphulusa kapena pakhonde, ndipo akalowetsa mphuno m'mbale alandira cikuni. Anthu pakudya pamphasa, iye akhala poteropo, maso ali ku dzanja. Sitinena kuti anyozedwa konse: akulu anati garu wamkota sakandira pacabe, ndipo mwini ampatsa dzina, kawirikawiri la cining'a, lolasa mnansi wamisece. Komabe m'nyumba alibe malo.

Alipo ena onena kuti popeza titi garu wanga ndi amphaka awa, monga tinenera anthu, pamene titi mbuzi yanga ndi nkhuku izi, ndiye kuti makolo anayesa garu ndi mphaka abale ao. Kumeneko ndiko kusenzetsa galamala katundu wa eni, pakuti fisi ndi nyani alinso m'gulu lomwelo, ndipo palibe munthu awaitanira kumudzi.

Kwa Azungu ambiri garu alowa m'nyumba, asambitsidwa, nagona pafupi ndi moto wa mbuye wace. Mphunzitsi asayese mwambo umenewu muyeso wa Cikristu, kuti adzudzule nao anthu a kumudzi. Ngakhale ku Mangalande lamulo loletsa nkhanza pa ng'ombe ndi akavalo linaikidwa mu 1822, bungwe loteteza nyama linayamba ku London mu 1824, ndipo masewera omenyanitsa agaru ndi ng'ombe yamphongo analetsedwa mu 1835. Mtundu uli wonse uli nazo zace zokoma ndi zace zocititsa manyazi.

Nanga tiphunzitse bwanji? Tiyang'ane yankho la mkaziyo. Iye anagwira kacepetsedwe komweko, nakumbutsa Ambuye kuti tinyama timeneti tikhala pansi pa gome ndi kutola nyenyeswa za ana. Ndiko kunena kuti tiri m'kati mwa nyumba. Kwathu cofanana naco ciripo, ndipo ana a sukulu acidziwa koposa ife: kagaru kongoleka kuyamwa, kamene ana akafukata, nakagawira mbamu ya nsima yao mobisa amai asanaone. Mlaliki akaika cithunzi cimeneci pamaso pa anthu, adzamva kuti mauwo ali olimba ndithu, koma satseka khomo. Ndipo tisawafewetse kopitirira, pakuti Ayuda sanalemekeza garu, ndi cikhulupiriro ca mkaziyo cioneka pamenepa, kuti anabvomera malo apansi napemphabe.

Ciweruzo cathu ndi ici: liu lija tiagaru ndi loona, ndipo omasulira anakhoza, cosowa ndi mkamwa mwa mphunzitsi wolimasulira. Ndipo pamene muli pa phunziro limeneli, onjezanipo Miyambo 12:10, pophunzitsa kuti kusamalira ciweto ndi cizindikiro ca munthu wolungama. Garu sayenera kugona pa mphasa ya mbuye wace kuti akhale wosungidwa bwino. Comuyenera ndi cakudya ca tsiku ndi tsiku, madzi, ndi katemera wa ciwewe, amene apulumutsa garu pamodzi ndi ana omfukata.